Mavuto a Kuyamwitsa ndi a Mayi Wongochira Kumene: Chochita Pakhomo ndi Nthawi Yothamangira ku Chipatala

Pa tsiku la sikelo, kaya ndi pa chipatala chachikulu cha pa boma la Mangochi, kaya ku Namwera, ku Malindi kapena ku Monkey Bay, dandaulo lomwe limabwerezedwa kwambiri ndi lakuti mkaka sukukwana. Amayi ambiri amafika atayamba kale kumwetsa mwana wa masabata 3 madzi kapena phala lamadzimadzi, chifukwa mwanayo amalira usiku wonse ndipo akuluakulu pakhomo anagamula kuti ali ndi njala. Chomvetsa chisoni n’chakuti kawirikawiri mkaka umakhala ulipo, koma vuto limakhala pa momwe mwana akugwirira bere, ndipo zikanatha kukonzeka pakhonde pomwepo. Palinso zizindikiro zina zomwe siziyenera kugonedwa nazo ngakhale usiku umodzi, makamaka kwa amene akukhala kutali ngati ku Makanjira, komwe ulendo wa ku chipatala chachikulu umatenga maola ambiri nthawi ya dzinja. Pansi pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chifukwa chomwe chimapezeka kwambiri, n’kutsiriza ndi chomwe chimachitika mwa apo ndi apo.

Mwana akungolira, ndipo mkaka ukuoneka ngati wachepa

Musanagamule kuti mkaka wachepa, yang’anani matewera, pakuti kulira kokha si umboni wa njala. Mwana amene akukhuta amasonyeza izi:

- Kuyambira tsiku la 5 kapena la 6, amakodza maulendo 6 kapena kuposa pa tsiku, ndipo mkodzo wake umakhala woyera, wosanunkha kwambiri.
- Chimbudzi chakuda cha masiku oyamba chimasanduka chachikasu pofika tsiku la 4 kapena la 5.
- Sikelo yake imatsika pang’ono masiku oyamba, koma imabwerera pa ya tsiku lobadwa asanathe masabata 2.

Ngati izi zikuchitika, mkaka ulipo wokwanira, ngakhale mabere akhale ofewa kapena aang’ono. Dziwaninso kuti mkaka woyamba wachikasu uja umatuluka wochepa mwachilengedwe, chifukwa tsiku loyamba m’mimba mwa mwana mumangolowa mkaka wodzaza supuni yaing’ono ya tiyi pa kuyamwa kumodzi. Mkaka umenewu sufunika kufinyidwa n’kutayidwa ngati woipa, pakuti ndi umene umateteza mwana ku matenda asanalandire katemera wambiri. Mkaka woyera wochuluka umabwera pakati pa tsiku la 2 ndi la 5.

Ngati zizindikiro za kukhuta palibe, fufuzani motere:

1. Mwana sakugwira bwino bere. Ichi ndiye chifukwa chachikulu kuposa zonse. Mwana akamayamwa nsonga yokha, amatopa asanakhute, bere silikhuthulika, ndipo thupi la mayi limayamba kupanga mkaka wochepa. Khalani pansi motsamira, ndipo mwana ayang’ane kwa inu, mimba yake itagunda yanu, mutu ndi thupi zili pa mzere umodzi. Gundani mlomo wake wam’mwamba ndi nsonga ya bere, dikirani ayasamule kwambiri, kenako mubweretseni msanga ku bere m’malo mowerama inu kuti bere limutsatire. Akagwira bwino, chibwano chake chimagunda bere, mlomo wam’munsi umapindikira kunja, mbali yaikulu ya chakuda cha bere imalowa m’kamwa, ndipo mumamva akumeza modekha.

2. Mwana akuyamwa maulendo ochepa. Wakhanda amafunika kuyamwa maulendo 8 mpaka 12 usana ndi usiku, ndipo kuyamwa kwa usiku ndiko kumachulukitsa mkaka. Mayi amene wabwerera msanga kumunda, kapena kukagula ndi kuyanika usipa kunyanja n’kusiya mwana kwa agogo theka la tsiku, mkaka wake umayamba kuchepa m’masiku ochepa. Musadikire kuti mwana alire. Akayamba kuyamwa zala ndi kutembenuza mutu uku ndi uku, muikeni ku bere. Mulekeni amalize bere limodzi mpaka alisiye yekha musanamupatse linalo, chifukwa mkaka wotsiriza ndiwo uli ndi mafuta okhutitsa.

3. Mwana akupatsidwa zinthu zina. Kutentha kwa kuno m’miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumachititsa ambiri kuganiza kuti mwana ali ndi ludzu ngati ife akuluakulu. Komatu mkaka wa m’mawere ndi madzi pafupifupi magawo 88 pa 100, kotero mwana wosakwana miyezi 6 safunika madzi, tiyi, phala kapena madzi a zitsamba ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Chilichonse cholowa m’mimba mwake chimalanda malo a mkaka, ndiponso madzi a pachitsime kapena a m’nyanja amabweretsa matenda otsegula m’mimba. Siyani zinthuzo, onjezerani maulendo oyamwitsa, ndipo mkaka udzayamba kuchuluka pakadutsa masiku angapo. Nkhani iyi ndi yofunika kuikambirana mwaulemu ndi agogo ndi apongozi, popeza iwo amachita izi pofuna kuthandiza, ndipo ndi bwino kuwatenga pa tsiku la sikelo kuti akamve okha kwa anamwino.

4. Mwana akukula mofulumira. Cha m’masabata 2 kapena 3, ndiponso cha m’masabata 6, ana ambiri amafuna bere pafupipafupi kwa masiku awiri kapena atatu, makamaka madzulo. Palibe chokonza apa koma kumupatsa basi.

5. Mayi watopa, ali ndi njala kapena magazi achepa. Mayi woyamwitsa adye chakudya chowonjezera pa tsiku, monga phala lotendera nsinjiro, nsima ya usipa kapena utaka, nyemba, masamba a cham’mwamba ndi zipatso za nyengoyo, ndipo amwe madzi kapena thobwa nthawi iliyonse akamva ludzu. Apitirize kumwa mankhwala owonjezera magazi omwe anapatsidwa. M’mwezi wa Ramadan, chipembedzo cha Chisilamu chimalola mayi woyamwitsa kusasala ngati kusalako kukuika moyo wake kapena wa mwana pa chiopsezo, ndipo ashehe a kwanu angakufotokozereni za kubweza kwake.

6. Zifukwa zosachitika kawirikawiri ndi zidutswa za nsengwa zotsalira m’chiberekero, mapiritsi ena olera omwe sayenera kumwedwa m’miyezi yoyamba, komanso lilime la mwana lomwe ndi lomangika pansi. Izi zimafuna achipatala.

Pitani ku chipatala tsiku lomwelo ngati mwana wakodza kosakwana maulendo 4 pa tsiku atadutsa masiku 5, mkodzo wake uli wachikasu kwambiri, m’kamwa mwauma, kapena liwombo lalowa. Liwombo lolowa ndi chizindikiro chakuti madzi atha m’thupi, ndipo kumata mankhwala pamutu sikubwezera madziwo.

Nsonga za mabere zikupweteka kapena zang’ambika

Pano chifukwa choyamba n’chomwechija, kugwira nsonga yokha. Mwana akasiya bere, yang’anani nsongayo, ndipo ikatuluka yophwanyika kapena yopindika mudziwe kuti amaifinya ndi nkhama. Konzani kagwiridwe monga tafotokozera, ndipo mukafuna kumuchotsa, lowetsani chala chaching’ono chosamba pambali pa kamwa lake m’malo momukoka. Mukatha kuyamwitsa, finyani madontho a mkaka, pakani pa chilondacho n’kusiya paume pa mphepo. Chifukwa chachiwiri ndi sopo, chifukwa kutsuka nsonga ndi sopo nthawi iliyonse kumaumitsa khungu, pamene kusamba kwa tsiku ndi tsiku n’kokwanira.

Ululu ukakhala wobaya ngati singano ngakhale mwana atasiya kuyamwa, tsegulani kamwa lake muone. Zoyera zomatirira pa lilime ndi m’masaya zomwe sizichoka mukapukuta ndi matenda ofuna mankhwala, ndipo mayi ndi mwana amalandira chithandizo limodzi kuti asamapatsirane. Musazikande ndi kansalu. Pitaninso ku chipatala ngati chilonda chikutuluka mafinya kapena sichikusintha patadutsa masiku 3 mutakonza kagwiridwe.

Bere latupa, lalimba kapena lafiira

Mabere onse awiri akalimba ndi kunyezimira pa tsiku la 3 mpaka la 5, ndiye kuti mkaka wabwera wambiri ndipo sukuchotsedwa mokwanira. Mwana amalephera kugwira bere lolimba chotere, choncho yambani mwafinya pang’ono ndi manja osamba kuti chakuda chija chifewe. Ikani chala chachikulu pamwamba ndi chala cholozera pansi, m’malire a chakuda cha bere, kankhirani cha ku chifuwa, kenako finyani ndi kumasula mobwereza. Yamwitsani pafupipafupi, ndipo mukatha ikani kansalu konyowa ndi madzi ozizira kuti kutupa kuchepe.

Kachotupa kolimba pa malo amodzi, mayi asakumva kutentha thupi, kamabwera chifukwa mbali imeneyo ya bere sikhuthulika bwino. Nthawi zambiri chomwe chimachititsa ndi kamisolo kothina, chitenje chomangidwa molimba pachifuwa pobereka mwana, kapena kudumpha nthawi yoyamwitsa. Masulani zothinazo, pitirizani kuyamwitsa, ndipo musatikite bere mwamphamvu chifukwa kutero kumawonjezera kutupa.

Mbali ina ya bere ikafiira ndi kutentha, mayi n’kumamva kuzizidwa ndi kuphwanya thupi ngati malungo, ndiye kuti bere ladwala. Ambiri amasiya kuyamwitsa poopa kuti mkakawo wawola, koma kusiya ndiko kumabweretsa chithupsa chomwe chimafuna kung’ambidwa. Pitirizani kuyamwitsa, gonani, imwani madzi ambiri ndi Panado. Lekani kudzithandiza nokha ndipo pitani ku chipatala ngati:

- Kutentha thupi sikunatsike patatha maola 24.
- Pali malo ofewa owoneka kuti muli mafinya.
- Chotupa chakhala kopitirira sabata imodzi, ngakhale chisakupweteka.

Mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV asadikire maola 24 aja. Apite tsiku lomwelo, ayamwitse bere labwinolo, ndipo lodwalalo azilifinya n’kutaya mkaka mpaka achipatala atamuuza zochita. Kuyambira 2011 dziko la Malawi limapereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilomboka, ndipo chitetezo cha mwana chagona pa kumwa mankhwalawo tsiku lililonse, kumupatsa mwana mankhwala ake a masabata 6 oyamba, kukamuyezetsa akakwana masabata 6, ndi kusasakaniza bere ndi zakudya zina asanakwane miyezi 6.

Mwana wakana bere kapena akungogona

Kukana bere kwa kanthawi kumachokera ku bere lolimba, mphuno zotsekeka, zilonda za m’kamwa, kapena kuzolowera botolo. Ngati pakufunika kumupatsa mkaka wofinya, mumwetseni ndi kakapu koyera, chifukwa botolo n’lovuta kutsuka ndipo limasokoneza kayamwidwe. Pa kutentha kwa kuno, mkaka wofinya usakhale kopitirira maola 4 popanda firiji. Mwana wogona kwambiri m’masabata oyamba mumudzutse pakadutsa maola 3, mumuchotse zofunda ndi kumuika pachifuwa panu khungu kwa khungu. Wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5 amafunika kukhala pachifuwa chotero nthawi yaitali, m’njira ya kangaru yomwe anamwino amaphunzitsa.

Komabe mwana amene amayamwa bwino n’kusiya mwadzidzidzi ndi wodwala mpaka achipatala atanena kuti ayi. Nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, mukaona chimodzi mwa izi:

- Sakuyamwa konse kapena akusanza chilichonse.
- Thupi latentha, kapena lazizira ngakhale mwamufunditsa.
- Akupuma mofulumira, maulendo 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi, akubuula, kapena chifuwa chikulowa mkati.
- Wakomoka, akugwedezeka ziwalo, kapena wafooka osasuntha.

Kuno ku nyanja malungo ndi ambiri, ndipo mwana akatentha thupi anthu amathamangira kugula mankhwala pa okala. Kwa mwana wosakwana miyezi 2, kutentha thupi kumatha kuchokera ku tizilombo tolowa m’magazi, tomwe timafuna jekeseni, ndipo timatha kupha m’tsiku limodzi. Mwambo wa chikuta usakhale chifukwa chodikira kuti mchombo uyambe wagwa.

Chikasu ndi mchombo

Ana ambiri amaoneka achikasu pang’ono kumaso pa tsiku la 2 mpaka la 4, ndipo zimatha zokha akamayamwa pafupipafupi. Muyang’aneni pa kuwala kwa masana, osati m’nyumba ya mdima. Chikasu choyamba tsiku lobadwa, chofika m’zikhatho ndi ku mapazi, chopitirira masabata 2, kapena chobwera ndi chimbudzi choyera, n’chofuna chipatala mwamsanga, chifukwa chikachuluka chimawononga ubongo. Kuwotha dzuwa sikulowa m’malo mwa nyali za ku chipatala.

Mchombo umagwa wokha pakati pa masiku 5 ndi 15. Ukhale wouma ndi wosaphimbidwa ndi thewera, ndipo pasapakidwe phulusa, mwaye, mafuta kapena zitsamba, kupatula mankhwala omwe achipatala apereka. Khungu lozungulira likafiira, kapena pakatuluka mafinya onunkha, pitani tsiku lomwelo.

Mayi akutaya magazi

Kutuluka magazi pambuyo pochira n’kwachilengedwe. Amayamba ofiira, amasanduka ofiirira, kenako oyera, ndipo zimatha kufika masabata 6. Akachulukako pang’ono pambuyo pa ntchito yolemetsa monga kusinja, kutunga madzi kapena kuchapa kumtsinje, ndiye kuti thupi likufuna kupuma, ndipo apa bambo a mwana ndi abale ayenera kulandira ntchitozo. Kupota kwa m’mimba poyamwitsa m’masiku oyamba sikoopsa, ndi chiberekero chomwe chikubwerera m’malo.

Magazi oopsa ndi omwe anyowetsa nsalu kapena mapadi awiri m’mphindi 30, otuluka ndi zibulumwa zikuluzikulu, kapena obwera ndi chizungulire, kugunda kwa mtima ndi kuyera kwa zikhatho. Chifukwa chofala kwambiri ndi chiberekero chomwe sichinalimbe, chotsatira ndi zotsalira za nsengwa, kenako kung’ambika kwa njira. Izi sizithandizika pakhomo. Pamene wina akufunafuna galimoto, mayi akodze, agone miyendo itakwezedwa, wina atikite pansi pa mchombo wake mpaka chiberekero chimveke cholimba ngati mpira, ndipo mwana aikidwe ku bere popeza kuyamwa kumathandiza chiberekero kufinyika.

Mayi watentha thupi, mutu ukuwawa kapena akudontha

Kutentha thupi kwa mayi wongochira kumatha kukhala malungo, ndipo ayezedwe magazi asanamwe mankhwala. Akapezeka nawo, amalize mankhwala onse akupitiriza kuyamwitsa, iye ndi mwana azigona m’neti. Koma kutenthako kukabwera ndi ululu wa pansi pa mimba ndi zotuluka zonunkha, ndiye kuti matenda alowa m’chiberekero. Chimodzimodzi bala la opaleshoni kapena posokedwa pakatupa, kutseguka kapena kutuluka mafinya. Zonsezi n’za tsiku lomwelo.

Mutu wowawa kwambiri, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja kapena ululu wa pachifu ndi zizindikiro za kuthamanga kwa magazi, komwe kumatha kuyamba ngakhale mwana atabadwa kale n’kugwetsa mayi chikomokere. Mwendo umodzi wotupa ndi wopweteka, kapena kubanika mwadzidzidzi, nazonso n’zadzidzidzi. Mayi amene mkodzo kapena chimbudzi zikungotuluka zokha pambuyo pa kubereka kovuta asabisale m’nyumba chifukwa cha manyazi. Matenda a fisitula amachizika ndi opaleshoni, ndipo achipatala cha boma amatumiza odwala komwe kuli akatswiri, monga ku Bwaila mu Lilongwe.

Mayi akungolira, sakugona, sakufuna mwana

Amayi ambiri amagwetsa misozi popanda chifukwa chooneka cha pa tsiku la 3 mpaka la 5, ndipo zimatha zokha asanathe masabata 2 ngati akupeza tulo ndi womuthandiza. Chisoni chikapitirira pamenepo, mayi n’kusiya kudya, kusamba ndi kusangalala ndi mwana, ndi matenda a maganizo omwe ali ndi chithandizo, osati ulesi, mwano kapena kulodzedwa. Amagwira kwambiri atsikana obereka ali aang’ono, amayi omwe amuna awo ali kutali monga ku Joni, ndi omwe akuchitidwa nkhanza pakhomo. Mayi akanena zofuna kudzipha kapena kuvulaza mwana, akamamva mawu omwe ena sakumva, kapena akasokonezeka mutu, asasiyidwe yekha ndi mwanayo ngakhale kwa mphindi zochepa, ndipo atengeredwe ku chipatala.

Mimba ina ikabwera mwana akuyamwa

Kuyamwitsa kumateteza ku mimba pokhapokha mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo mayi sanayambirenso kusamba kumwezi. Chimodzi mwa zitatuzi chikasintha, chitetezocho chatha, n’chifukwa chake nkhani ya kulera imakambidwa pa ulendo wa masabata 6, tsiku lomwe mwana amalandiranso katemera. Mayi akatumbiza, mkaka wake susanduka poizoni monga ambiri amanenera, ndipo kuchotsa mwana pa bere mwadzidzidzi ndiko kumamugwetsa m’matenda onyentchera. Apitirize kuyamwitsa, adye mowonjezera, ndipo ayambe sikelo ya mimba msanga.

Pa ulendo wa ku chipatala

Banja likonzeretu ndalama ya ulendo ndi nambala ya mwini galimoto kapena njinga yamoto mayi asanatuluke m’chipatala, ndiponso lidziwe mlangizi wa zaumoyo wa m’mudzimo, amene angathandize kuitana ambulansi. Tengani mabuku a kuchipatala a mayi ndi mwana, mankhwala onse omwe akumwa, ndi munthu wamkulu woperekeza. Mwana akhale pachifuwa cha mayi kapena cha woperekezayo khungu kwa khungu, atavala chipewa, ndipo aziyamwa m’njira ngati angathe. Mukafika musaime pa mzere wa odwala ena, pitani molunjika kwa namwino ndi kunena chizindikiro chomwe mwaona, nthawi yomwe chinayamba, ndi chilichonse chomwe mwamupatsa wodwalayo pakhomo, kuphatikizapo mankhwala azitsamba.